Nyama za m'tchire ndi nsomba za mu Cahora Bassa ziwerengedwe poyera

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu za tchire ndi madzi a m'chigawo chathu cha Tete. Amene tikulembafe ena ndife asodzi, ena alimi, ena ndife a m'makomiti oyang'anira zachilengedwe m'midzi ya ku Zumbo, Marávia ndi Macanga. Nkhani yathu ndi imodzi. Nyama, nsomba ndi mitengo sizingasungike ngati anthu okhala nazo pafupi saona ndi maso awo kuti malire ali pati, zatsala zingati, zachotsedwa zingati, ndipo ndalama zake zapita kuti.

Malamulo a dziko la Mozambique amanena kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limapatsa munthu kapena mudzi ufulu wongogwiritsa ntchito nthakayo, uja timautchula kuti DUAT. Nyama zakutchire, nkhalango zachilengedwe ndi madzi nazonso zili m'manja mwa Boma. Izi sitikutsutsa. Koma afisikale, alonda a Boma a zachilengedwe, ndi ochepa, tchire ndi lalikulu, ndipo amene amayamba kuona msampha wa waya ndi mnyamata wobusa mbuzi, amene amayamba kumva injini ya boti lachilendo usiku ndi msodzi. Anthu amenewa akasankha kukhala chete, palibe lamulo limene lingagwire ntchito. Amalankhula pokhapokha akudziwa kuti chimene chikubedwacho nawonso ali nacho gawo.

Mfundo imeneyi si yachilendo kuno. Tchuma Tchato, ntchito yopatsa midzi gawo pa chuma cha m'tchire, inayambira ku Bawa, m'boma la Mágoè, tsidya lina la Zumbo, mu 1994, ndipo inali ntchito yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko muno. Ndalama zimene alenje achilendo ankalipira zinkagawidwa patatu: Boma lalikulu, boma la m'dera, ndi midzi, imene inkalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatuwo. Mu 2005 panabwera lamulo la dziko lonse, Diploma Ministerial 93/2005, lonena kuti magawo 20 pa 100 alionse a misonkho yodulira mitengo ndi yosakira nyama azibwerera kwa anthu a kumene chumacho chachokera. Kenaka mu 2013 mbali ya dera lakumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa inasanduka Paki ya Mágoè, yokula kuposa masikweya kilomita 3,500, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la Boma loyang'anira mapaki la ANAC. M'paki ya dziko ulenje wa alendo suloledwa. Choncho kwa midzi ya kumeneko ndalama zikuyenera kuchokera kwa alendo odzaona nyama ndi odzawedza, ndipo alendo oterowo sabwera okha popanda misewu, pogona ndi nyama zooneka. Apa mpofunika kuti olamulira azinena zoona kwa anthu: ndalama za chaka chino ndi izi, zachepa kapena zachuluka pa chifukwa chakuti.

Tikhalitse pa 20 pa 100 paja, chifukwa mpamene mitima ya anthu imathyokera. Choyamba, ambiri sadziwa kuti gawolo silichokera pa phindu la kampani. Limachokera pa msonkho umene kampaniyo yalipira ku Boma. Mwachitsanzo, ngati msonkho wa lisensa ndi mametikali 100,000, anthu awo ndi 20,000, ndipo ngati dera la lisensalo likukhudza midzi inayi, ndalamazo zigawidwanso panayi. Munthu amene waona magalimoto khumi a mitengo akudutsa pakhomo pake n'kumva kuti mudzi walandira 5,000 amangoti atibera. Mwina aberedwadi, mwina ayi, koma popanda pepala losonyeza msonkho wonse palibe angamutsutse kapena kumuvomereza.

Chachiwiri, ndalamazo sizituluka popanda komiti yolembetsedwa ndi akaunti ya kubanki. Komiti ikhale ya anthu osachepera khumi, amuna ndi akazi, osankhidwa pabwalo. Osainira akaunti akhale atatu, ndipo ife tikulangiza kuti asakhale a banja limodzi, mmodzi akhale mayi, ndipo mfumu ikhale mboni, osati wosainira, kuti pakabuka mlandu pakhale woti auweruze. Zimene zimagwetsa makomiti ndi zazing'ono. Wosankhidwa alibe chitupa cha BI kapena nambala ya msonkho ya NUIT. Banki ili kutali, ndiye ulendo wa anthu atatu, chakudya ndi pogona zimadya gawo lalikulu la ndalama zisanafike n'komwe kumudzi. Wosainira mmodzi wamwalira kapena wasamukira ku Zambia ndipo palibe anasintha dzina, akaunti n'kuuma. Zonsezi zili ndi mankhwala ake: mudzi uyambe wakonza zitupa usanasankhe, midzi yoyandikana igwirizane ulendo umodzi, ndipo pa msonkhano wa chaka ndi chaka mayina a osainira aziwerengedwa mokweza.

Chachitatu ndi malire. Midzi yambiri sinadulitse malire ake mwalamulo, ngakhale njira yake ilipo: anthu amakhala pansi ndi akatswiri a za malo, kufotokoza mbiri ya dera lawo, kujambula mapu pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, kuyenda m'malirewo ndi makina oyezera, kenaka n'kulandira chikalata. Popanda chikalatacho, tsiku logawa ndalama mafumu awiri amakanganirana phiri limodzi, ndipo ndalama zimaimitsidwa mpaka mlandu uthe. Lamulo la zosungira chilengedwe la 2014 linatsegulanso mwayi woti mudzi ukhale ndi dera lakelake losungiramo nyama n'kumachita mgwirizano ndi kampani mwachindunji. Mudzi wopanda malire odziwika sungayambe n'komwe ulendo umenewo.

Ndalama zikafika, kugawana m'manja kumasangalatsa tsiku limodzi basi. Chigayo ndi chabwino, koma chigayo chogulidwa popanda kusungira padera ndalama za lamba, sefa, oyilo ndi mmisiri chimaima chaka chisanathe. Gawo lina la ndalama lizikhala lothandizira banja limene njovu zalidyera munda kapena ng'ona yalipha ng'ombe, chifukwa amene akulipira mtengo wa nyamazi ndi iwowo. Nyama ya njati kapena njovu yophedwa ndi mlenje wachilendo nayonso igawidwe motsata mndandanda wolembedwa wa midzi, kuti isamangothera pafupi ndi msasa.

Tsopano za kota, ndiye kuti chiwerengero cha nyama zimene zaloledwa kuphedwa pa chaka. Kota yosachokera pa kuwerenga ndi kungolota. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo imabereka mwana mmodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, choncho gulu lake limakula pang'onopang'ono, pafupifupi 5 pa 100 pa chaka zinthu zikayenda bwino. Odziwa za ulenje amati pa njovu 200 pasachotsedwe yamphongo yoposa imodzi pa chaka, pa njati 100 pasachotsedwe zoposa ziwiri, ndipo mkango usaphedwe usanakwane zaka 6, monga amachitira kumalo osungira nyama a Niassa. Kupha mkango wamphongo wa zaka zinayi ndi kupha ana ake omwe, chifukwa wamphongo wina akalowa m'gululo amapha ana amene wawapeza. Tisaiwale kumene tachokera. Kalembera wa pa ndege wa 2014 anapeza kuti njovu za m'dziko lonse zinatsika kuchoka pa pafupifupi 20,000 kufika pa 10,300 m'zaka zisanu zokha. N'chifukwa chake lamulo la 2014 linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopha nyama yotetezedwa kapena wogulitsa minyanga angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 16.

Kuwerenga pa ndege n'kodula ndipo kumachitika mwa apo ndi apo. Koma pali kuwerenga kumene alonda a m'midzi angachite ndi kope ndi pensulo. Amasankha njira zokhazikika za makilomita asanu iliyonse, n'kumaziyenda awiriawiri m'mamawa, mwezi womwewo chaka chilichonse, makamaka Seputembala kapena Okutobala pamene udzu wagwa ndipo nyama zasonkhana kumadzi. Amalemba mtundu wa nyama, zamphongo zingati, zazikazi zingati, ana angati, mapazi, mitembo, ndi misampha imene apeza. Chiwerengero cha chaka chimodzi sichinena zambiri. Chimene chimalankhula ndi kuyerekeza zaka zitatu kapena zinayi. Ngati ngoma ndi nswala zikuchepa pamene misampha pa kilomita ikuchuluka, vuto ladziwika. Ngati nyanga za njati zophedwa zikucheperachepera chaka ndi chaka, ndiye kuti nkhalamba zatha ndipo alenje ayamba kudya mbewu. Kota itsike pomwepo. Chilembwe ndi mphalapala ndizo zimayamba kuzimirira, ziziyang'aniridwa mwapadera. Misampha yochotsedwa iziwerengedwa ndi kudulidwa tizidutswa pamaso pa mfumu. Waya wongotayidwa patchire mawa lake amatcheredwanso, ndipo khwekhwe sasankha: wotchera amafuna gwape, koma amagwira chitamba cha mwana wa njovu kapena khosi la fisi.

Pali chinanso chimene ife a kumalire timachiona. Njovu imene lero ili ku Zumbo mawa yawoloka Luangwa kupita ku Zambia, kapena Zambezi kulowera ku Kanyemba ku Zimbabwe. Ngati dziko lililonse liwerenga palokha n'kudziikira kota, njovu imodzimodziyo imawerengedwa katatu. Mgwirizano wa ZIMOZA umene Zimbabwe, Mozambique ndi Zambia anasainirana mu 2024 uyambire pamenepa: kuwerenga kukhale kwa mwezi umodzi m'maiko onse atatu, ndipo zotsatira zake zifike m'midzi m'chilankhulo chimene anthu amamva.

Munthu amene sanagonepo m'munda kulondera chimanga angaganize kuti vuto lalikulu ndi njovu. Kuno chimene chimapha anthu kwambiri ndi ng'ona. Kuyambira Julayi 2006 mpaka Seputembala 2008 anthu 265 analembedwa kuti anaphedwa ndi nyama zakutchire m'dziko lonse, ndipo awiri mwa atatu alionse anagwidwa ndi ng'ona, ambiri a iwo m'mbali mwa Zambezi. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Mayi amene amatunga pamalo amodzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse imamuwerengera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yotentha ndi ya mvula, pamene madzi ali ofunda ndi amatope, ndipo zazikazi zikulondera zisa ndi ana. Mpanda wa padooko umathandiza ngati wamangidwa bwino: mitengo yolimba yokhomedwa mothithikana, waya wa maso aang'ono wofika pansi penipeni n'kutsinikizidwa ndi miyala, ndipo mbali ya kumtunda nayonso itchingidwe ndi chitseko, pakuti ng'ona imazungulira pamtunda usiku n'kulowa. Woyamba kufika m'mawa afufuze m'katimo ndi nsungwi yaitali. Vuto la mipanda imeneyi panyanja ndi lakuti madzi sakhala pamodzi. Nyanja ikadzaza imafika pa mamita 326 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, koma pa chilala monga cha 2024 gombe limathawa kutali, mpanda n'kutsala pouma. Choncho panyanja mpanda ukhale wa zigawo zonyamulika, ndipo ndalama zikakhalapo, mjigo wokumbidwa kutali ndi gombe, wokhala ndi pochapira ndi chomwera ziweto, umapulumutsa anthu ambiri kuposa kupha ng'ona khumi. Asodzi nawonso aleke kutumbulira nsomba pamalo otungira madzi.

Njovu zimabwera chimanga ndi mapira zikayamba kukhwima, cha mu Febuluwale mpaka Epulo, komanso m'madimba nthawi ya chilimwe. Mpanda wa tsabola umagwira ntchito, koma anthu amaunyoza chifukwa choupanga mwatheka. Pa ekala imodzi pamafunika malita 10 a oyilo wakutha wa injini ndi makilogalamu awiri ndi theka a tsabola wouma wosinja, wowawa kwenikweni. Mumaviika zingwe za khonje ndi nsanza m'menemo, n'kumanga zingwe ziwiri pamitengo, china pa mita imodzi ndi theka, china pa mamita awiri, kuzungulira munda wonse osasiya mpata. Muzipakanso pakatha milungu itatu, kapena mlungu uliwonse ngati mvula ikugwa. Umangidwe mbewu zisanakhwime, chifukwa njovu imene yalawa kale siibwerera msanga. Njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, zoyatsidwa kumene mphepo ikuchokera, zimawonjezera mphamvu. Ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya, umodzi pa mamita 10 alionse, nayonso imathandiza, koma kuno kotentha njuchi zimathawa ngati mng'oma ulibe denga la udzu ndi madzi pafupi, ndipo mng'oma wopanda njuchi njovu imauzindikira. Chachikulu n'chakuti minda ikhale pamodzi. Munda umodzi wolimidwa pakati pa njira imene njovu zimadzera popita kumadzi sungatetezeke ndi chilichonse. Njira zimenezo akuluakulu a m'midzi amazidziwa. Zilembedwe pa mapu ndipo mafumu asagawepo minda. Mvuu ndi yosavuta chotero: siidumpha, ndiye ngalande yakuya ya m'mbali moongoka kapena mpanda waufupi wolimba zimaibweza, bola muisiyire mpata wotulukira kukadya msipu, osalima gombe lonse mosalekeza.

Pa zonsezi chimene chimawawa anthu ndi kuchedwa kwa yankho. Munthu akagwidwa ndi minyanga, galimoto imafika tsiku lomwelo. Munthu akaphedwa ndi mvuu, nayonso ifike tsiku lomwelo. Pakhale nambala ya foni yodziwika pa posito iliyonse, ndiye kuti ofesi ya Boma ya m'dera, ndi buku lolembamo tsiku, malo, nyama yake, kukula kwa chiwonongeko, ndi ola limene thandizo linafika.

Tibwere ku nyanja. Damu la Cahora Bassa linatsekedwa mu 1974 ndipo madzi ake anatambalala makilomita oposa 250 kuchokera ku Songo mpaka ku Zumbo. Lamulo la malo limati mamita 250 kuzungulira damu ndi nyanja yake ndi malo otetezedwa, momwemonso mamita 100 kuzungulira kasupe. Malamulo otsatira amawonjezera mamita 50 m'mbali mwa mitsinje yoyendamo maboti. M'malo amenewa munthu sangakhale ndi DUAT, amangopatsidwa lisensa yapadera ya ntchito yakutiyakuti. Tikunena izi chifukwa malo ogona alendo ndi misasa ya makampani zikachuluka, mipanda imayamba kutsika mpaka m'madzi, dooko la makolo n'kutsekeka. Lisensa iliyonse yotere izinena poyera njira imene anthu, ziweto ndi mabwato azidutsira.

Nsomba zikuchepa, ndipo zifukwa zake msodzi aliyense amazidziwa. Nsomba za pende zimakumba zisa pamchenga m'madzi osaya, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa. Khoka lokokera kugombe limafafaniza zisazo, ndipo pende imodzi yogwidwa ndi ana m'kamwa ndi nsomba mazana zotayika. Neti ya udzudzu imasesa ndi timwana tomwe. Maukonde a ulusi umodzi wa pulasitiki ndi otchipa, ndiye akakodwa pa mitengo ya pansi pa madzi mwini wake amangowasiya, koma sawola ndipo amapitiriza kupha nsomba, akamba ndi ana a ng'ona kwa miyezi. Pa kukula kwa maso a ukonde, ku nyanja ya Kariba mbali ya Zambia salola ochepera mainchi atatu, mbali ya Zimbabwe mainchi anayi. Ife tikuti bungwe la asodzi la pa dooko lililonse, lija la CCP, likhale ndi kathabwa koyezera maso, ndipo ukonde uziyezedwa uli wonyowa usanakwere m'bwato. Mathiriro a mitsinje monga Mucanha, Duângua ndi Mussenguezi asatchingidwe ndi maukonde mvula yoyamba ikagwa, pakuti ndi nthawi imene ncheni ndi nsomba zina zimakwera kukaswana. Veda, nyengo yoletsa kugwira nsomba, ilengezedwe miyezi iwiri isanayambe, pa wailesi ndi pa madooko, ndipo ikhudze onse mofanana. Wa bwato la mtengo akaona kuti iye waletsedwa koma magetsi a makampani a kapenta akuwala usiku, sadzamveranso. Ogula nsomba zouma zamchere za chikowa zopita ku Zambia ndi ku Congo nawonso aziyang'aniridwa, chifukwa msodzi sapha tiana ta nsomba ngati palibe wotigula.

Kapenta si kobadwira kuno. Kanachokera ku nyanja ya Tanganyika, kanaikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, n'kutsika ndi madzi mpaka kwathu. Kamagwidwa usiku ndi magetsi ndi ukonde wozungulira wotsitsidwa pansi pa boti, ndipo makilogalamu atatu a kakuwisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya kouma. Moyo wake ndi waufupi, choncho kamabwerera msanga kakapatsidwa mpata, komanso kamatha msanga. Tiana take timakulira m'madzi osaya pafupi ndi gombe. N'chifukwa chake ku Kariba saloleza kugwira pamadzi osakwana mamita 20 kuya kwake kapena ndi ukonde wa maso ochepera mamilimita 8, ndipo amapumitsa maboti masiku a mwezi wowala. Nyanja ikatsika, malo akuya amachepa, maboti amathithikana, ena n'kuyamba kulowa m'magombe. Chiwerengero cha malisensa chizitsata madzi, ndipo boti lililonse likhale ndi nambala yaikulu yooneka patali, lizilemba makilogalamu a usiku uliwonse. Makilogalamu a boti limodzi pa usiku umodzi ndiwo amaonetsa ngati kapenta kakutha. Chiwerengero cha matani onse pamodzi chimanyenga, chifukwa chingakwere pongowonjezera maboti.

Alendo odzawedza ncheni amachokera kutali, ambiri ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndipo ncheni yaikulu yamoyo ingabweretse ndalama kangapo pamene yakufa igulitsidwa kamodzi. Zikuluzikuluzo kawirikawiri ndi zazikazi, zoikira mazira ambiri. Kuibweza m'madzi kuli ndi luso lake. Mbedza ikhale imodzi, yophwanyidwa ndevu yake. Nsomba isalimbane ndi chingwe mpaka kulefukiratu. Igwiridwe ndi manja onyowa mopingasa, osati kulendewetsa ndi nsagwada. Isakhale kunja kwa madzi kupitirira theka la mphindi. Ndipo igwiriziridwe m'madzi mpaka itadzimenya yokha. Mu Okutobala ndi Novembala madzi akatentha, ncheni yotopa imafa ngakhale itaoneka ngati yasambira. Otsogolera alendo akhale ana a m'midzi ya m'gombe, ophunzitsidwa ndi kupatsidwa zikalata, popeza ndiwo amadziwa pamene pali zitsa za pansi pa madzi, mvuu za ana, ndi nthawi imene mphepo imautsa mafunde. Boti lisanyamuke popanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Maboti ochokera kunyanja zina azitsukidwa ndi kuumitsidwa asanalowe, kuti asatibweretsere zomera ndi tizilombo tina. Namasupuni amene tili naye watikwana.

Kusangalala ndi malowa kusakhale kwa alendo okha. Mwana wa ku Fingoè kapena ku Furancungo angathe kukula mpaka kukwatira osaonapo njovu mwamtendere, osakwerapo boti, osaonapo khoma la damu la mamita 171 limene magetsi ake amafika ku South Africa. Paki ikhale ndi masiku a ana a sukulu ndi mtengo wolowera umene mphunzitsi angakwanitse. Ku Angónia phiri la Dómuè, lotalika kuposa mamita 2,000, likungofunika njira yolambulidwa, otsogolera a m'mudzi ndi lamulo la zinyalala ndi moto.

Abale athu a kumtunda asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a kunyanja okha. Mitsinje ya Revúbuè, Luia ndi Capoche imatengera ku Zambezi chilichonse chochitika ku Angónia, Macanga ndi Chifunde. Kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kudula milimo ya zigafa za fodya osabzala ina, ndi kutsuka golide ndi mekyule zonse zimathera m'madzi ndi m'nsomba zimene timadya. Uvuni wa dothi umadya makilogalamu asanu ndi awiri mpaka khumi a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo tsanya amakula pang'onopang'ono. Wodula asiye chitsa chachifupi chodulidwa mopendeka kuti chiphukire, dera lipumitsidwe zaka zingapo, mbuzi ndi moto zisafikeko. Mitengo ya nkula tinaona mmene inathera mpaka Boma linaletsa kuidula mu 2018. Moto nawo uli ndi nthawi yake. Wotentha mu Meyi kapena Juni, madzulo, udzu usanaumitsitse, umayenda pansipansi n'kuzima wokha usiku. Wa mu Seputembala ndi Okutobala, uja amayatsa osaka mbewa, umapha mitengo yaing'ono ndi kusiya nyama zopanda msipu, ndiye zimatsikira m'madimba. Kuzungulira manda, dambwe ndi akasupe kulambulidwe mamita asanu udzu usanaume. Nkhalango za kumanda zaima mpaka lero popanda fisikale chifukwa aliyense amadziwa malire ake ndi mwini mlandu wake.

Damu la Mphanda Nkuwa, limene akufuna kumanga makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, lidzabweretsa nyanja ina ndi magombe atsopano. Madooko, njira za ziweto, malo oswanirana nsomba ndi gawo la anthu zilembedwe madzi asanakwere.

Pempho lathu kwa olamulira a chigawo ndi a maboma ndi ili: chaka chilichonse, nyengo ya ulenje isanatseguke, pakhale pepala limodzi la boma lililonse, m'Chipwitikizi, m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, lomatidwa pa posito, pa sukulu ndi pa dooko. Linene kota ya nyama mtundu ndi mtundu ndi zimene zinaphedwadi chaka chatha, malisensa a mitengo ndi a maboti a kapenta, msonkho wonse umene unalowa, gawo la mudzi uliwonse ndi tsiku limene linaikidwa kubanki, anthu ndi ziweto zimene zinaphedwa ndi nyama, ndi masiku a veda. Kwa inu Akonzi, tikupempha kuti mtolankhani wanu akapemphe mapepala amenewa ku Zumbo, Marávia, Mágoè, Cahora Bassa, Chifunde ndi Macanga, muwasindikize monga alili, ndipo boma limene silinapereke mulitchule kuti silinapereke.

Ndife owerenga anu,
Asodzi, alimi ndi a m'makomiti a zachilengedwe,
Zumbo, Marávia ndi Macanga, chigawo cha Tete